Mitolo Inayi ya Baltazar

Teodoro adalanda dimba la Luciana m'chilimwe cha chaka cha 1972, patangopita miyezi itatu asilikali a Apwitikizi atasonkhanitsa anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Kaphinda ndi kuwatsekera m'mudzi wa waya, umene eni akewo ankautcha alidiyamento. Sadalande ndi mfuti kapena ndi nkhwangwa. Adalanda ndi mapepala, ndipo mapepalawo adamulembera ndi Baltazar, mtsibweni wake wa Luciana yemweyo.

"Malichero anga ali kuti?" adafunsa Quitéria, mkazi wa Baltazar, ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ali pantchito."

"Pantchito yanji? Mapira ndasinja kale, nkhuku za eni zikuchita ukwati mumtondo, inu mukuti malichero ali pantchito?"

Adasuzumira m'nyumba. Baltazar adali atakhala pansi, miyendo atatambasula, malichero anayi atawandanda kutsogolo kwake. M'malicheromo mudali mapepala. Ena adali zidutswa za matumba a simenti, ena mapaketi a fodya amene asilikali ankataya, ndipo limodzi lokha lidali pepala lenileni lachidindo, limene padiri, wansembe wa kumishoni, adamulembera kale nkhondo isanatseke mishoniyo. Baltazar adaphunzira mpaka kalasi yachitatu. Akadapitirira, koma adamuchotsa chifukwa chofunsa m'kalasi kuti Kaini adakwatira mwana wa yani. Khalidwe lofunsa choncho silidamuchoke mpaka imvi.

"Chauta wanga!" adatero Quitéria. "Chopetera chakudya mwachisandutsa sekeretariya, ofesi ya boma?"

"Musakhudze, mayi. Lichero lililonse lili ndi chitsime chake."

"Chitsime m'lichero! Anthuni bwerani mudzaone, amuna anga apenga dzuwa lili pamutu."

"Khalani pansi ndikuphunzitseni, mwina mudzafa mukudziwako kanthu. Akazi khumi akatunga pachitsime chimodzi, mitsuko ndi ingati?"

"Khumi."

"Nanga zitsime?"

"Musandifunse ngati mwana wa katekisimu."

"Chimodzi. Ndipo ngati m'chitsimemo mudagwera galu, mitsuko yonse khumi ikununkha galu. Mboni nazonso n'chimodzimodzi. Ine sindiwerenga milomo. Ndimafunsa kuti wamva kwa yani, nayenso uyo adamva kwa yani, mpaka ndikafike kwa amene adaona ndi maso. Onse otunga kwa munthu mmodzi ndikuwaika m'lichero limodzi, kenako ndiwamanga mtolo umodzi."

"Ndiye mitolo yanuyo tidyera ndiwo yanji?"

Nkhani yake idali iyi. Akuluakulu a mudzi wa waya adalamula kuti madimba apafupi, amene mlonda angawaone ali pansanja, akhale a mabanja a eni dera, ndipo obwera onse galimoto idzawatenge kukawatula kwa abale awo. Wosunga lista, ndiye kuti ndandanda wa mabanja, yemwenso ankamasulira mzungu akamayankhula, adali Teodoro. Iyeyu ndi Baltazar adali ana a munthu ndi mng'ono wake. Mayi wa Baltazar adali Tionenji, mayi wa Teodoro adali Mwatitha, akazi awiriwo abambo awo osiyana koma mimba imodzi. Dimba lalikulu la pamtsinje, la nthochi ndi nzimbe, lidachoka kwa Tionenji kupita kwa mwana wake wamkazi, ndipo iyeyo atamwalira lidatsalira Luciana, pakuti kwathu kuno munda umatsata bere. Koma palista Teodoro adalemba Luciana dzina la bambo wake, mkamwini wa ku Chipera amene adafa mwanayo akukwawa, n'kuikapo kamtanda ka obwera. Baltazar atapita kukafunsa, Teodoro adayankha anthu akumva kuti Tionenji sadali mwana wa m'banjamo, adali kapolo wogulidwa ndi mchere chaka cha njala. Adatchulanso anthu asanu ndi awiri amene akudziwa zimenezo. Mlandu adauika pakatha masabata atatu, tsiku lobwera mzungu wa kalembera.

Akukanganabe za malichero, Luciana adafika mwana ali kumsana, n'kugwada pakhomo. Mwamuna wake adamutenga asilikali kuti awanyamulire katundu chaka chapitacho, ndipo chidabwerako ndi chipewa chokha.

"Atsibweni, a Teodoro atuma akazi awo kukadula mkoko wa nthochi m'dimba mwanga."

"Mlandu usanaweruzidwe?"

"Ndawafunsa. Akuti akungolawa."

Quitéria adaseka chiseko chowawa. "Wamva? Anzako akulawa nthochi, atsibweni ako akupeta mapepala."

"Atsibweni," adatero Luciana, maso ali pansi, "ku Chipera ine ndikadziwa yani? Ngakhale manda a bambo anga sindiwadziwa. Ndikatsika galimoto ndikalowera kuti ndi mwanayu?"

"Supita kulikonse, mwana wa mlongo wanga. Onatu apa." Baltazar adaloza malichero limodzilimodzi. "Umu muli pepala la padiri, likunena kuti Tionenji ndi Mwatitha mayi wawo ndi mmodzi. Chitsime choyamba. Umu muli mawu a Jacinto, mdzukulu amene adakumba manda a onse awiri, ndi anthu anayi amene adamva kwa iye. Akuti Tionenji adamugoneka kudzanja lamanja la mayi wake, Mwatitha kumanzere. Kapolo ankamuika kumalire a manda, pafupi ndi afisi. Chitsime chachiwiri."

"Bwanji osangopita naye mzunguyo kumanda akaone yekha?" adafunsa Quitéria.

"Manda ali kunja kwa waya, ndipo njira yake adatchera mabomba anyamata a m'tchire, asilikali nawo adatcheranso awo pamwamba. Wopita kukaona manda masiku ano amakakhala komweko. Lichero lachitatu ndi la a Raul, ndikupitako mawa. Lachinayi ndi la agalu a Teodoro."

Raul ndiye adali wamkulu kuposa onse m'mudzi wa waya. Maso adafa kale, koma pakamwa padali pamoyo. Mmawa uliwonse ankafufuza ndi ndodo mpaka apeze mzati wa waya, n'kuukodzera. Ankati imeneyo ndiyo nkhondo yake, ndipo mzatiwo udzagwa mfuti zisanaugwetse. Baltazar adamupeza atangomaliza nkhondoyo.

"Agogo, mudamuona Tionenji akubadwa?"

"Iwe mwana wa Tionenji, mwamuna amalowa m'chikuta? Ukufuna ndiname kuti ulembe?"

"Nanga mudaona chiyani?"

"Ndidaona mimba. Ndinkaweta mbuzi za pakhomopo. Mimba ija inkandidutsa pamaso tsiku ndi tsiku, ikukula ngati dzungu la pachulu, mpaka tsiku lina mayi uja adatuluka m'chikuta mimba palibe, mwana ali kubere. Mchere ndimaudziwa, umagula mbuzi, umagula nsalu, unkagulanso anthu, inde. Koma sindidamvepo kuti mchere umatupitsa mimba."

Baltazar adanyambita lapisi n'kulemba pa bondo.

"Ulembenso ichi," adatero Raul. "Atakula ndidamufunsira. Adandikana. Adati miyendo yanga ili ngati ya kakowa. Kapolo akadandikana ine?"

"Zimenezo si za mlandu, agogo."

"Si za mlandu kwa iwe. Ine mlandu umenewo sudathe."

Baltazar adapaka chala cha Raul mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kuchidinda pansi pa mawu aja. Masiku awiri otsatira adapeza anthu anayi onena zomwezo, ndipo atawafunsa bwino, onse adati adamva kwa Raul. Adawalemba, adawadinditsa zala, n'kuwaponya m'lichero la Raul.

"Asanu amenewo," adatero Quitéria.

"Mmodzi," adatero Baltazar.

Sabata lachiwiri adayamba kuyendera mboni za Teodoro. Woyamba adali Berta, mayi wophika kachasu kuseri kwa chimbudzi cha asilikali, kumene fungo limodzi linkabisa linzake.

"A Berta, mudamuona mayi wanga akugulidwa?"

"Ine ndidabadwa chaka cha dzombe, a Baltazar. Ndikadaona ndili kuti?"

"Ndiye mudamva kwa yani?"

"Aliyense akudziwa."

"Aliyense ameneyu ndi mwana wa yani? Amagona nyumba iti, ndikamufunse?"

Berta adasonkhezera moto umene sunkafuna kusonkhezera. "Inunso ndinu wovuta. Ndidamva kwa a Mwatitha eni ake."

"Adakuuzani mutakhala pansi, ngati mbiri ya banja?"

"Pamowa. Mowa wa chikumbutso cha amalume awo. Adalimbirana mutu wa mbuzi ndi a Tionenji, ndiye a Mwatitha adakuwa kuti choka apa iwe kapolo wogula ndi mchere."

"Mayi wanga adayankha chiyani?"

Berta adayamba kuseka asanayankhe. "Adati iwe ndiye adakutola pachulu afisi atakukana."

"Ndiye bwanji simunena kuti Teodoro ndi mdzukulu wa fisi?"

"Ameneyo alibe dimba loti timulande," adatero Berta, kenako adagwira pakamwa.

"Mmawa mwake awiriwo adatani?"

"Adali pamphasa imodzi akuphana nsabwe."

"Nanga inu Teodoro wakulonjezani chiyani?"

"Kandime kakang'ono ka mpiru, kumunsi kwa nzimbe. A Baltazar, musandiyang'ane choncho. Ana anga adya waya?"

Baltazar adalemba pamwamba mawu amene Berta adalonjeza kukanena, akuti Tionenji adali wogula ndi mchere, ndipo pansi pake adalemba timalemba ting'onoting'ono kuti adamva kwa Mwatitha pamowa. Berta adadinda chala akuseka, poti pepala la simenti ankaliona ngati masewera. Enanso asanu ndi mmodzi adatero. Wina adali pamowa womwewo, wina adamva kwa mkazi wake amene adali pamowapo, wina adamva kwa Berta. Njira zonse zidakathera pa mutu umodzi wa mbuzi. Baltazar adabwerera kunyumba akuyenda ngati mnyamata.

Adakasenda luzi la mombo pamtengo wokhawo umene asilikali adauiwala, adaliviika m'madzi, n'kumanga mitolo inayi lili lonyowa. Ngakhale pepala la padiri, limene lidali lokha, adalipinda n'kulimanga, kuti lisachite manyazi pakati pa anzake.

Kutatsala masiku atatu, Teodoro adabwera yekha. Adavala nsapato zimene adamupatsa mzungu, zazikulu kuposa mapazi ake, moti ankamveka asanaoneke.

"Odi, mano Baltazar!" adatero, poti iye mawu akuti achimwene ankawanena m'Chipwitikizi kuti mano. "Alamu, mwaswera?"

"Taswera, a sekeretariyo," adatero Quitéria osadzuka. "Nthochi zikukoma?"

Teodoro adachita ngati sadamve. Adakhala pampando wokhawo wa m'nyumbamo asanamuuze. "Mano, tisachititsane manyazi pamaso pa mzungu. Luciana akhoza kutsala. Ndimulemba ngati wantchito wa pakhomo panga, azilima dimba lomwelo, azidya. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa lomwelo ndi limene agalu amalimbirana," adatero Baltazar.

"Mawu amenewo ndi olemera, mano."

"Mayi wanga ndi kapolo ndi opepuka? Iwe Teodoro, mayi wako atadwala nthomba, udayamwa bere la yani? Miyezi iwiri udakakamira pachifuwa pa Tionenji ngati nkhupakupa. Lero mkaka uja wasanduka wa kapolo?"

"Zakale zimenezo. Masiku ano chimene chili palista ndicho chilipo." Maso ake adagwera pa mitolo imene idali pamphasa. "Izi ndi zotani?"

Quitéria adatsokomola mwadala. Baltazar adamva, koma munthu amene wagwira ntchito masabata awiri popanda womuyamika salephera kuonetsa ngakhale kwa mdani.

"Itatu iyi ndi yanga. Uwu wachinayi ndi wako. Mboni zako zonse zisanu ndi ziwiri zili umu, ndipo ndi munthu mmodzi, mayi wako ataledzera."

"Mwawalemba onse?"

"Onse."

"Ndi zala zomwe?"

"Ndi zala zomwe."

Teodoro adauyang'ana mtolowo nthawi yaitali, monga mmene fisi amayang'anira khola limene mwini waiwala kutseka. "Mwagwira ntchito, mano. Sukulu yanu sidapite pachabe. Mubwere nawo Lachinayi, mzungu adzaone."

Nsapato zitasiya kumveka, Quitéria adaimirira. "Ndipatseni mtolo umenewo ndisonkhere moto."

"Mwapenga?"

"Kuchitsime chenicheni, kumene timatunga madzi enieni, ndamva kuti mboni zake zayamba kale kudwala m'mimba mwa Lachinayi. Berta akuti sangaime pamaso pa mzungu akununkha kachasu. Enawo akuopa kuti akangotsegula pakamwa awalemba kukanyamula katundu. Teodoro alibe mboni, alibe pepala ndi limodzi lomwe. Inu ndiye mukufuna kumunyamulira."

"Wobisa pepala ndi Teodoro, si ine. Ndikufuna mzungu aone ndi maso ake kuti asanu ndi awiri ndi mmodzi."

"Mzungu uti? Mudamuonapo mzungu akufunsa kuti wamva kwa yani? Amawerenga mitu ngati mbuzi."

"Ameneyu ndi wophunzira."

"Bambo inu, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Womasulira ndi yemweyo, wolemba ndi yemweyo, wolanda ndi yemweyo. Mukamupatsenso mpeni?"

"Mayi, za mapira ndi zanu. Za mapepala ndisiyireni."

"Chabwino. Koma malichero anga ndikutenga."

Lachinayi anthu adasonkhana pansi pa chisakasa cha malata pafupi ndi chipata. Asilikali adasecha amuna onse, n'kuwalanda timipeni ngakhale tosongolera ndodo. Mzungu wa kalembera adali kamnyamata kofiira mphuno, kongotuluka thukuta. Magalimoto amene adabwera nawo adali ataima kunja injini zikulira, poti ankayenera kubwerera kuboma ku Fingoe dzuwa lisanapendeke, ndipo iye ankayang'ana koloko ya pamkono kawirikawiri kuposa mmene ankayang'anira anthu. Milandu idali isanu ndi umodzi. Wa Luciana udali womaliza.

Mboni za Teodoro sizidaoneke ndi imodzi yomwe. Raul adabwera, atamugwira dzanja Jacinto. Koma mzungu adanena mawu ochepa, ndipo Teodoro adamasulira kuti, "Sinyolo, bwana mzunguyu, akuti nthawi ya milomo palibe. Amene ali ndi mapepala aonetse mapepala."

"Muuze kuti ine ndidaona mimba!" adakuwa Raul. Msilikali adamukhazika pansi ndi phewa.

Baltazar adapita kutsogolo, mitolo inayi ili m'manja. Masabata atatu adakhala akukonza Chipwitikizi chake, akuchiyeserera m'chimbudzi. Atayang'ana mfuti ziwiri zimene zidali kumbuyo kwa mzungu, chonse chidathawa, kudangotsala moni ndi theka la pemphero la Maria. Adayamba m'chinenero chathu. Adanena za akazi khumi ndi mitsuko yawo, za galu wogwera m'chitsime, za mutu wa mbuzi. Adayankhula bwino, moti anthu ena adavomera ndi mitu, ndipo Luciana adadzutsa nkhope koyamba.

Teodoro adamasulira zonsezo ndi mawu anayi kapena asanu.

"Wamuuza chiyani?" adafunsa Baltazar.

"Kuti mwabweretsa mapepala a mbali zonse ziwiri. Ndanama?"

Adatenga mtolo wachinayi patebulo, adatulutsa kampeni m'thumba, poti iye yekha sadamuseche, n'kudula luzi kamodzi. Adayala mapepala asanu ndi awiri mumzere, lililonse ndi chala chake chakuda. Adawerengera mzungu mzere wapamwamba wa pepala lililonse, wakuti Tionenji adali wogula ndi mchere. Timalemba tapansi adatiphimba ndi chala chachikulu ngati akuthandiza kuti mphepo isaulutse pepala.

"Werenga pansipo!" adatero Baltazar. "Werenga kuti adamva kwa yani!"

Mzungu adafunsa kanthu. Teodoro adayankha akuloza Baltazar, kenako adatembenukira kwa anthu. "Akufunsa kuti adalemba ndani. Ndamuuza kuti mwana wake wa Tionenji yemweyo, ndi dzanja lake."

Mzungu adagogoda mapepalawo ndi cholembera, limodzilimodzi, mpaka asanu ndi awiri. Kenako adagogoda mitolo yomanga ija. Umodzi, iwiri, itatu. Adasolola pepala la padiri m'luzi lake, popeza ndilo lokha linkaoneka ngati pepala, adalitambasula, n'kuyendetsa chala pamzere wa abambo. Mayina awiri osiyana. Adakweza zala ziwiri.

"Mzere wa mayi!" adatero Baltazar. "Aone mzere wa mayi! Munthu amabadwa kwa mayi!"

"Kwao amawerenga abambo, mano," adatero Teodoro motsitsa. "Ndingasinthe mtundu wa azungu ine?"

Mzungu adaponya pepalalo pa mitolo iwiri ija, n'kunena mawu amene ngakhale ana adawamva, poti manambala tonse tidawaphunzira pogulitsa thonje. Zisanu ndi ziwiri uku, zitatu uku.

"Masulani!" adakuwa Quitéria kuchokera kumbali ya akazi. "Masulani luzi, bambo inu! Muli mapepala khumi ndi limodzi mmenemo! Khumi ndi limodzi kuposa zisanu ndi ziwiri!"

Baltazar adaima. Adayang'ana mitolo yake. "Ndi zitsime zitatu," adatero. "Ndikaziyala ngati khumi ndi chimodzi, ndiye kuti ndanama ngati iyeyu."

"Atsibweni!" Luciana adaimirira, mwana akulira kumsana. Sadayambe wakwezapo mawu pamaso pa mtsibweni wake chibadwire. "Atsibweni, namani! Ndapota nanu, namani!"

Mawu amenewo adamulowa. Adagwira mtolo wa Raul n'kuyamba kumasula. Koma luzi la mombo ukalimanga lonyowa, likauma limagwira ngati waya, ndipo iye adamanga mfundo zitatuzitatu, kuti mboni ya chitsime china isasochere m'chitsime cha eni. Zikhadabo zidakanika. Adayesa ndi mano, koma mano akutsogolo adatsala awiri, ndipo sankakumana.

"Mpeni," adatero. "Teodoro, ndibwereke mpeni."

Teodoro adapinda kampeni kake n'kukabwezera m'thumba. "Pamaso pa sinyolo saloleza mipeni, mano."

Quitéria adathamangira kutsogolo, adalanda mtolo wa Jacinto n'kuuluma ndi mano ake, amene adali onse. Luzi lidayamba kutha. Mfundo yoyamba idaduka. Ali pa yachiwiri, mzungu adayang'ana koloko, adapumira pachidindo, n'kuchimenya palista.

"Watha," adatero Teodoro. "Obwera onse akatenge katundu wawo. Mtolo umodzi munthu aliyense."

"Mimba ndidaiona ine!" Raul adali akukuwabe. "Mufunseni ngati kwao mchere umapatsa mimba!"

Luciana sadalire. Adapita kunyumba kwake, adamanga mphasa, mphika ndi khasu lopanda mpini, n'kubwerera kuchipata. Quitéria adamupatsa lichero limodzi mwa anayi aja, lodzaza mapira opeta. Baltazar adaima pambali pa galimoto, mtolo wa Raul udakali m'manja, malovu ali paluzi.

"Mwana wa mlongo wanga, mlandu suola. Mzungu wina adzabwera, wodziwa kuwerenga mpaka pansi."

Luciana adamuyang'ana kuchokera pamwamba pa galimoto. "Mukadzawamasula, atsibweni, mudzatume mawu ku Chipera. Mudzafunse aliyense. Mwina adzakhala atamva kwa wina kumene ndili."

Galimoto idanyamuka. Fumbi litatsika, Baltazar adabwerera pansi pa chisakasa kukatola mapepala ake. Pepala la padiri adalipeza pansi, litapondedwa ndi nsapato yaikulu. Asanu ndi awiri aja padalibe. Teodoro adali atawasokera kulista ndi singano, kuti akasungidwe kuboma monga umboni.

Patapita zaka ziwiri nkhondo idatha. Anthu adazula waya n'kumangira makola, ndipo mzati wa Raul udapezeka kuti udaola kunsi. Luciana sadabwerere. Mitolo iwiri ili kudenga kwa Baltazar, wina womanga, wina wolumidwa theka. Dimba la Tionenji akulima ndi Teodoro, ndipo kumunsi kwa nzimbe kuli kandime ka mpiru ka Berta.